Zingwe za Kuseri kwa Chitseko

Amayi ake a Wamagetsi sasoka za malonda. Makina ali nawo, akuda, opalasa ndi mapazi, ndipo akangomaliza ntchito za m'mawa amakhalapo mpaka dzuwa kupendeka. Amasoka madiresi, malaya, timakabudula ta adzukulu, ndi zikwama zimene anthu amazicheukira pamsewu. Koma ukapita ndi nsalu yako, amakuuza mwaulemu kuti telala ali kumsika. Chikwama amatha kupatsa aliyense amene wawasangalatsa. Chovala ayi. Chovala amasokera apabanja okha, anthu amene anawayeza ndi manja awo.

Ine ndinali nditakhala pachibwenzi ndi mwana wawoyo, amene timamutcha Wamagetsi chifukwa cha ntchito yake, chaka ndi miyezi itatu, osayezedwa. Moni ankandipatsa, mpando ankandipatsa, madzi ankandipatsa m'kapu ya alendo. Zinkathera pomwepo.

Ndiye Lachinayi lina uthenga wa Wamagetsi unalowa mufoni: "Amayi Busa, konzeka. Mayi akuti ubwere Loweruka akuyeze."

Ankanditcha Amayi Busa chifukwa ndinamuuziratu pachiyambi kuti dzanja agwira, koma zinazo adikire ukwati. Anadandaula ngati mbuzi yomangidwa padzuwa, koma anadikira.

Uthengawo ndinauwerenga kanayi. Mng'ono wanga, amene tonse timangomutcha Mzime, anandipeza ndikumwetulira ndekha pabedi.

"Achemwali, mwatola chiyani?"

"Andiyeza."

"Kuchipatala?"

"Amayi ake, iwe!"

"Mayi aja amene amakupatsani moni wa nsonga za zala?" Mzime anawomba m'manja, kenaka anatembenukira kukhoma nkuyamba kuseka kuseka kwina kumene sindinakumvetse.

"Ukuseka chiyani?"

"Palibe. Anthufe sitiloledwa kuseka m'nyumba ya makolo athu?"

* * *

Loweruka ndinachapa nsapato, ndinasita siketi, ndinafika nthawi isanakwane. Wamagetsi anali kuntchito. Amayi ake anandilowetsa m'kachipinda kawo kosokera, ka zenera limodzi, konunkhira mafuta a makina ndi nsalu zatsopano. Pakona panali dengu lodzaza zidutswa. Pamakina panali chikwama chosamaliza, chokhala ndi chogwirira chimodzi.

Ndinayang'anayang'ana tepi yoyezera, osaiona.

"Ukufuna tepi? Ndilibe," anatero. "Manambala amandizunguza mutu. Ine ndili ndi njira yanga."

Anatola nsalu yofiira m'dengu, nkuing'amba kachingwe katali, ng'waa! Kenaka anatseka chitseko kuti tipeze malo, ndipo mpamene ndinaona kuseri kwake. Kunali misomali mumzere, ndipo pamsomali uliwonse pankalendewera chingwe chansalu chokhala ndi mfundo.

"Banja langa lonse lili apa," anatero. "Munthu aliyense ndi chingwe chake. Mfundo iyi ndi mapewa, iyi chifuwa, iyi m'chiuno, iyi kutalika. Akazi ndimawonjezera yachisanu, ya m'mbina. Ichi chachitalichi ndi cha abambo akunyumba kuno. Ndachilumikiza kawiri, mimba ikungopita kutsogolo ngati ili ndi ulendo wake. Ichi ndi cha mwana wanga wamkazi, iti ndi ta adzukulu."

Ndinaseka mwaulemu, koma maso anga anali atakodwa pamsomali wachiwiri. Pamenepo panali zingwe ziwiri. Chabuluu, chakale, cha mfundo zinayi, ndinadziwa kuti ndi cha Wamagetsi. Pamwamba pake panali china choyera, chatsopano, chosathothoka ulusi. Ndinawerenga mfundo zake mumtima. Zisanu.

"Nanga choyeracho ndi cha ndani, Amayi?"

"Cha munthu. Kweza manja."

Ndinakweza. Anayeza mapewa, anamanga mfundo. Anayeza chifuwa, anamanga. Atafika m'chiuno anazunguliza chingwe, anakoka, anamasula, anazungulizanso.

"Usabweze mimba ngati ukujambulidwa, mwanawe. Puma ngati uli kwanu."

"Ndikupuma, Amayi."

"Wadya kale?"

"Tiyi yekha."

"Tiyi akumakukomerabe masiku ano? Wamkaka sakukuchititsa nseru?"

"Ayi, Amayi, ndimamwa bwinobwino."

"Oho."

Ndinaganiza kuti akufuna kudziwa zoti adzandikonzere tsiku lina, ndipo mtima unafewa pang'ono. Atamaliza ndinayembekezera kuti atenga msomali ndi mwala, andikhomere malo anga. Sanatero. Chingwe changa chofiira anachipinda nkuchiponya m'kabati ya makina, m'mene amasunga mabatani.

"Ubwerenso pakapita masabata awiri. Nsalu yake sindinaipeze."

"Mudzandiyezanso?"

"Munthu amasintha," anatero, maso ali pasingano.

* * *

Ndisanafike pokwerera basi ndinali nditamulembera kale Wamagetsi.

"Pamsomali wako pali zingwe ziwiri."

Anayankha msanga. "Moni kaye, Amayi Busa. Akuyeza bwino?"

"Andiyeza. Choyeracho ndi cha ndani?"

Foni inaonetsa kuti akulemba. Anasiya. Anayambanso. Anasiyanso. Ndinaima pansi pa mtengo mpaka basi imodzi inandidutsa.

"Zingwe za mayi ine sindizidziwa," unafika uthengawo.

"Chili pamsomali wako."

"Misomali yatha mwina."

"Kwanu kwa munthu wamagetsi kusowa msomali?"

"Iwe, usafunse zambiri. Udzadziwa nthawi yake ikakwana. Ukhulupirire ine basi."

Ndinamuimbira. Anayankha akuseka, kumbuyo kukumveka anzake akuntchito.

"Ukuseka?"

"Ndikuseka nsanje yako. Munthu kuchitira nsanje kansanza?"

"Kansanza ka mfundo zisanu. Ndilumbirire kuti sukudziwa mwini wake."

"Ndili pamakwerero, ndigwa. Tiyankhulana."

Sanalumbire. Munthu ameneyu amalumbira ngakhale pa nkhani ya mpira, koma tsiku limenelo sanalumbire. Kunyumba sindinauze aliyense, ngakhale Mzime. Ndinachita manyazi kunena kuti andiyeza nkundiika m'kabati ya mabatani.

* * *

Lachitatu ndinakumana ndi Nesi pokwerera basi. Nesiyu ndi mwana wa mnzawo wa Amayi aja, anakulira nyumba zoyandikana ndi Wamagetsi, ndipo aliyense ankadziwa kuti akanakhala kuti amayi amasankhira ana awo, nkhani ikanatha kalekale. Anali mu yunifolomu yoyera, lamba atamanga m'chiuno mwake mowonda ngati mwa mavu. Paphewa anakoleka chikwama chatsopano. Ndinachizindikira. Chinali chija ndinachisiya pamakina chili ndi chogwirira chimodzi.

"Asisi!" anatero, ngati tinayamwa bere limodzi. "Mwasowatu."

"Tilipo. Chikwama chokongola."

"Ichi? Ndi Amayi. Ndinawauza kuti asavutike, koma mukuwadziwa. Onani m'katimu, anandiikira kathumba ka foni, kena ka makiyi. Amandidziwa ngati anandibereka."

"Zovala amakusokeraninso?"

Anangomwetulira. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi, maso ake nkudzaima pakati.

"Koma inu mukuoneka bwino masiku ano. Thupi labwera."

"Ndi mmene ndilili."

"Eya, Amayi amanenanso zomwezo dzulo. Anandifunsa timafunso tina ta kuntchito kwathu. Ine ndinangoti, Amayi, zimenezo munthu amadziwa yekha mwini wake." Anandigwira mkono mofewa. "Mukafuna thandizo musachite manyazi. Ine pakamwa panga ndi potseka."

Basi yake inafika. Anakwera, chikwama chili patsogolo kuti ndichione bwino.

Mawu akewo sindinawatsatire. Ine mutu wanga unali pa lamba uja. Ndinkangoona chingwe choyera chikuzungulira chiuno chimenecho, Amayi akumanga mfundo, akumwetulira kumwetulira kumene ine sanandionetsepo.

* * *

Sabata yachiwiri Wamagetsi anayamba kuzizira. Lolemba tinayenda limodzi kuchokera kumsika, anandinyamulira jumbo, anandiseketsa ndithu. Lachinayi mauthenga anafupika. Ndikalemba mizere isanu, iye ankayankha "chabwino." Lachisanu ndinamufunsa ngati tionana, anati watopa. Dzina lija la Amayi Busa silinabwerenso.

Ndinati basi, nkhani yapsa. Akusowa poyambira kundiuza.

Loweruka ndinavala diresi wamba, nsapato sindinachape. Ndinanyamuka bambo ali pakhonde akulimbana ndi soketi ya wailesi imene inali itayamba kuthetheka. Ndinapita ndi mtima umodzi: lero ndimva mwini wa chingwe chija, ngakhale andithamangitse.

Amayi anandilandira monga mwa masiku onse, moni wa nsonga za zala. Tinalowa m'kachipinda, anatseka chitseko. Chingwe choyera chinali pomwe paja. Anatsegula kabati kuti atulutse changa, koma nthawi yomweyo mvula inayamba kuwaza padenga.

"Mayo, nsalu zanga!" Anathamangira panja kukanula zimene anayanika.

Ndinatsala ndekha ndi misomali.

Sindinaganize kawiri. Ndinachotsa chingwe choyera. Ndinafuna ndimuone mkaziyo ndi thupi langa, ndidziwe pamene anandiposa. Ndinachiika m'mapewa: mfundo inagwera pa fupa langa ndendende. Ndinachitsitsa kuchokera paphewa: kutalika kunali kwanga. Ndinachizunguliza m'chiuno. Mfundo inakana kufika. Ndinabweza mimba, ndinakoka. Inaperewera zala zitatu.

"Ndi iyeyo," ndinanong'ona. "Mavu uja."

"Zala zingati?"

Amayi anali pakhomo, nsalu zonyowa zili paphewa. Sindinawamve akulowa.

"Amayi, pepani, ine…"

"Ndafunsa kuti zaperewera zala zingati."

"Zitatu."

"Inenso ndinapeza zitatu." Anaika nsalu pampando, anatseka chitseko, nkukhala pamakina. "Khala pansi, mwanawe."

Sindinakhale. Misozi inali itafika kale, ndipo ulemu wanga unali utatsala pang'ono.

"Amayi, ngati munasankha kale Nesi, mukanangondiuza. Kundiitana, kundikweza manja, chingwe cha mnzanga chili pamsomali wa mwana wanu? Ndinakulakwirani chiyani?"

"Nesi?" Anakwinya nkhope. "Nesi walowa bwanji muno? Ameneyo ndimamusokera zikwama. Sindinamuyezepo, ndipo amayankhula kwambiri. Chingwe wagwiracho ndi chako."

"Changa ndi chofiira."

"Chofiira ndi chachiwiri. Miyezi iwiri yapitayo mwana wanga anabwera ndi diresi lako m'jumbo. Anati, mayi, msokereni lina longa ili, likhale lomudzidzimutsa. Anandichonderera mpaka ndinavomera. Ndinayeza diresilo, ndinamanga mfundo, ndinakoleka pamsomali wake. Ine ndekha, osakakamizidwa."

Ndinakhala padengu la zidutswa. Masabata awiri ndinali ndikudana ndi chingwe changa chomwe! Ndinayamba kuseka, misozi ili m'masaya.

Amayi sanaseke.

"Nsalu ndinagula, sindinaname kwa mwana wanga, ndinanama kwa iwe. Ili m'sutikesi umo. Koma tsiku lina unadutsa pazenera apa, ndinakuyang'ana, ndinayang'ana chingwe, ndinati ayi. Diso langa pa chiuno cha munthu silisochera. Ndiye ndinakuitana. Mapewa omwewo, kutalika komweko, m'chiuno zala zitatu pa miyezi iwiri." Anatsitsa mawu. "Ndabereka ana anayi, mwanawe. Ndi ya miyezi ingati?"

Ndinasiya kuseka.

"Amayi! Ine? Ayi! Diresi lake liti limenelo?"

"Lobiriwira, la mabatani kumsana."

"Limenelo si langa! Ndi la mng'ono wanga. Ndinabwereka kamodzi kokha, tsiku limene ndinapita kokayenda ndi mwana wanu. Tsiku lonse sindinadye, ndinkaopa kuti mabatani athothoka. Ife timafanana msinkhu, koma iye ndi wowonda." Apa mpamene ndinakumbukira kuseka kwa Mzime kukhoma kuja. "Ndiye kuti mwana wanu anakamupempha iyeyo mobisa. Anangoti lobiriwira lija, ndiye mng'ono wangayo anapereka lake."

Amayi anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Nkhani yako yasokedwa bwino," anatero. "Ilibe ulusi wolendewera."

"Si nkhani, Amayi. Ndiyezeni pompano. Ngati muli kanthu, masabata awiriwa chakula."

Anatenga chingwe chofiira, anachizunguliza. Mfundo inadutsa pamalo pake ndi chala chimodzi. Ndinali nditaonda ndi maganizo.

"Mwaona?"

"Ndaona." Anapisa chala m'mbali mwa diresi langa, kufufuza. "Atsikana a masiku ano mumamanga mimba. Ena amasiya kudya."

"Ndiye ndichite chiyani kuti mukhulupirire? Ndibwere naye mng'ono wanga mumuyeze?"

"Abale amagwirizana."

"Mufunseni mwana wanu! Iye akudziwa kuti ine ndi iye sitina…" Manyazi ananditseka pakamwa.

"Ndinamufunsa Lachinayi," anatero Amayi, akupinda chingwe pang'onopang'ono. "Ndinati, mwananga, ngati mwalakwitsa nena, tikonze zinthu mwaulemu mimba isanaoneke. Ine sindikanakutaya, mwanawe, ndikanakusokera ndi za mwana zomwe. Koma iye analumbira kuti sanakukhudzepo."

"Ndi zoona!"

"Ndiye ndinamuuza kuti akufunse kuti ndi ya ndani."

* * *

Mvula inali itasiya. Ndinatuluka osatsazika bwino, matope akulowa m'nsapato. Ndinkati ndikamupeza Wamagetsi tiseka. Ndimuuza za Mzime, za mabatani, za mmene ndinadanira ndi Nesi popanda chifukwa, ndipo adzagwira mutu nkunena kuti Amayi Busa, ndikhululukire.

Ndinamupeza pamphambano, chikwama cha zida chili paphewa, malaya atanyowa. Ndinamuthamangira.

Sanayambe ndi nkhope yanga. Maso ake anatsika kaye pamimba, kenaka anakwera.

Mawu onse amene ndinakonza anabwerera m'kati.

"Wachokera kwa mayi?" anafunsa.

"Eee."

"Akuuza?"

"Andiuza. Diresi unapereka lija ndi la Mzime."

"La Mzime bwanji? Ndinakuona utavala ndi maso angawa."

"Ndinabwereka. Pamene unkamupempha, unamufunsa kuti ndi la ndani?"

Ndinaona nkhaniyo ikulowa m'mutu mwake pang'onopang'ono, ngati madzi m'dothi louma. Anatsitsa chikwama cha zida pansi, m'matope momwemo.

"Ndiye kuti… palibe?"

"Palibe chiyani? Nena. Masiku atatu wakhala nalo funso limeneli, ukundiyankha kuti chabwino, chabwino. Lifunse ndili pano."

"Iwe, mayi sanalakwitsepo muyeso chibadwire changa. Anandionetsa zingwe ziwiri, kuziika pamodzi chonchi. Ukanakhala iwe ukanatani?"

"Ine ndinakufunsa tsiku lomwelo, ndisanakwere ndi basi yomwe. Unandiseka."

"Ndinkabisa mphatso."

"Nanga Lachinayi unkabisa chiyani?"

Anapukuta nkhope ndi dzanja. Ndinayembekezera kupepesa, ndipo kunena zoona ndikanakulandira. Mtima wanga pa munthu ameneyu ndi wofewa ngati nsalu yakale. Koma iye sankandiyang'ana. Ankayang'ana njira imene anachokera, ndipo njira imeneyo ndi yopita kwathu.

"Wachokera kuti?" ndinafunsa.

"Bambo ako anandiimbira m'mawa. Soketi ya wailesi."

"Ndiye?"

"Ndinakonza. Anandipatsa mpando. Tinacheza bwinobwino. Kenaka anati, mwana wanga, chaka chatha tsopano ukubwera pakhomo pano, akwanu tidzawaona liti? Ine mutu unali utatentha, masiku atatu osagona. Sindinakonze kuti ndinene, zinangotuluka."

"Unati chiyani?"

"Iwe, tiye tipite limodzi, ndikakonze ndekha. Ndikagwada."

"Unati chiyani kwa bambo anga?"

Anayankhula motsitsa, moti ndinachita kuyandikira.

"Ndinati, bambo, ziyambe zamveka kaye za mimbayo, chifukwa si yanga."

Galimoto inadutsa, inatiwaza madzi, palibe anasuntha. Bambo anga ndi munthu amene sanakwezepo mawu pa ine. Amandidikira pakhonde ndikachedwa, amauza anzawo kuti mwana wanga wamkulu sanandichititsepo manyazi.

"Anayankha chiyani?"

"Palibe. Anazimitsa wailesi."

Foni inanjenjemera m'manja mwanga. Anali Mzime: "Achemwali muli kuti? Bambo atulutsa sutikesi yanu pakhonde. Sakuyankhula ndi munthu. Mayi akulira. Chachitika ndi chiyani?"

Wamagetsi anawerenga nane. Anatambasula dzanja kuti andigwire.

"Ndikawauza kuti kulibe. Mzime akachitira umboni, diresi lilipo. Zitheka, Amayi Busa."

"Kwa bambo zitheka," ndinatero. "Koma iwe wakana mwana amene kulibe, usanandifunse ndi liwu limodzi lomwe. Unayamba wadzichotsa, ine nkundisiya pakhonde."

"Ndiye ndichite chiyani?"

"Tola zida zako, zikunyowa."

Ndinayamba kuyenda. Ndinamva mapazi ake m'matope kumbuyo kwanga, ndipo ndinatembenuka kamodzi.

"Usanditsatire. Kwa bambo anga ndikalowa ndekha."